Mafunso Anu: Kodi kusesa nyumba ya zigawenga kumakhaladi ngati za m'filimu?

Makalata a mwezi uno achuluka pa nkhani imodzi: mafilimu a asilikali ndi apolisi, makamaka pamene amathyola chitseko n'kuyamba kusesa nyumba, kutanthauza kusaka adani chipinda ndi chipinda. Ena afunsa chifukwa cha mikangano ya ku vidiyo sho, ena akufuna kujambula filimu yawoyawo. Makalata ena tawafupikitsa.

Akonzi, kwathu kuno takangana mpaka kutsala pang'ono kudana. Mnzanga akuti msilikali wophunzitsidwa bwino, monga timaonera mu John Wick, angathe kulowa yekha m'nyumba yosanja momwe muli adani 20 n'kuwamaliza onse. Ine ndikukana. Tiweruzeni.
*Wowerenga wa ku Ndirande, Blantyre*

Mlanduwu wakomera inu, achimwene, ndipo nkhani yagona pa maso. Munthu amayang'ana mbali imodzi pa nthawi imodzi, pamene chipinda chili ndi ngodya zinayi. Chitseko chikakhala pakati pa khoma, ngodya ziwiri za kutsogolo mungathe kuziona muli panja. Koma ziwiri zimene zagundana ndi khoma la chitsekocho, ina kumanzere ina kumanja, simungazione mpaka mutalowa. Mukatembenukira kumanzere, msana mwaupereka kwa amene wabisala kumanja. Palibe maphunziro amene amachotsa vuto limeneli, n'chifukwa chake asilikali a ku America amaphunzitsidwa kulowa m'chipinda ali anayi, ndipo zikavutitsitsa asachepere awiri.

Anayiwo amandandalika kukhoma, pambali pa khomo. Womaliza akakonzeka amafinya phewa kapena ntchafu ya amene ali patsogolo pake, chizindikirocho n'kumapatsirana mpaka chifike kwa woyamba, popanda wotulutsa mawu. Woyamba amalowa n'kutsata khoma kulunjika ngodya imodzi. Wachiwiri, amene amakhala atatsala pang'ono kumuponda chidendene, amakhotera mbali inayo osaganiza kawiri. Wachitatu ndi wachinayi amayang'ana pakati pa chipinda n'kupatuka pakhomo sitepe imodzi kapena awiri. Aliyense ali ndi gawo lake la chipindacho, ndipo akamayendetsa mfuti amalekeza pafupifupi mita imodzi asanafike pamene paima mnzake. Wachiwiri akachedwa ndi sekondi imodzi yokha, mwina lamba wa mfuti wakodwa pa chogwirira cha chitseko kapena wapunthwa pa mkeka wa pakhomo, woyamba uja amapezeka ali yekha m'chipinda, kumbuyo kulibe womuteteza. Anthu amafa ndi tizinthu ngati timeneti.

Khomo lenilenilo ndiye malo oopsa kuposa ena onse. Amene ali mkati safunika kukusakani. Akudziwa kuti mutulukira pa mpata wosakwana mita imodzi m'lifupi, ndiye amangolozetsa mfuti pamenepo n'kudikira. Wolowayo ali ngati mbewa yotuluka pa una pamene mnyamata wakhalira kale ndi chibonga. Kuwala kukakhala kumbuyo kwake amaoneka thupi lonse, iye asakuona kanthu mumdimamo. M'mafilimu ekita amakonda kuima pakhomo pomwepo n'kumaunguza uku ndi uku, chifukwa felemu ya chitseko imakongoletsa chithunzi. Pa maphunziro enieni woima pakhomo amabwezedwa kukayambiranso.

Komanso chipinda chimene mwasesa sichikhala chotetezeka mukangochokamo. Wina ayenera kutsala kulondera korido, wina masitepe, wina kumanga ndi kusecha amene agwidwa, awiri kunyamula mnzawo akavulala. Gulu limanka licheperachepera pamene likulowa mkati. Pa 5 Meyi 1980, asilikali a SAS, gulu lapadera la ku Britain, atalowa mu ofesi ya kazembe wa dziko la Iran ku Princes Gate mu London kukapulumutsa anthu ogwidwa chikole, zigawenga zidalimo 6 zokha, koma olowawo adali pakati pa 30 ndi 35. Ena adatsika ndi zingwe kuchokera padenga, ena adalowera kumbuyo, ena pakhonde la kutsogolo, onse pa nthawi imodzi, kunja apolisi atazinga.

Filimu mwatchulayo imaonetsa bwino kagwiridwe ka mfuti ndi kusintha magazini (mosungira zipolopolo) zipolopolo zikatha, ndipo pamenepo mnzanuyo sadaone molakwa. Chimene imabisa n'chakuti adani amabwera mmodzimmodzi, aliyense pa nthawi imene ekita watembenukira kwa iye, ndipo ambiri amamuthamangira m'malo mobisala n'kumudikira.

Ndidaonera Zero Dark Thirty, ndipo gawo lomaliza lidandidabwitsa. Asilikali akuyenda pang'onopang'ono, kunong'onezana, kuima pa chitseko chilichonse. M'mafilimu ena amathamanga akuwombera. Zoona ndi ziti?
*Mphunzitsi wa ku Mzuzu*

Aphunzitsi, chimene mudaonacho chili pafupi kwambiri ndi zoona. Ntchito imene filimuyo imaonetsa, yosaka Osama bin Laden ku Abbottabad m'dziko la Pakistan, pa 2 Meyi 2011, idatenga mphindi pafupifupi 40. Asilikali oposa 20 ndi galu mmodzi adalowa mumpanda wa nyumba yosanja katatu momwe mudali amuna akuluakulu owerengeka ndi amayi ndi ana ambiri. Gawo lalikulu la nthawiyo lidathera pa kuthyola zipata, kusonkhanitsa ana pamalo amodzi, ndi kutolera makompyuta ndi mapepala. Kuwomberako kudali kochepa.

Liwiro limatengera funso limodzi: kodi pali munthu amene akufa mkatimo ife tikuchedwa? Ngati palibe, palibenso chifukwa chothamangira. Msilikali amaima mita imodzi kapena awiri kuchokera pakhomo n'kumasuntha chammbali, kasitepe kamodzi, kuyang'anitsitsa kagawo katsopano ka chipinda kamene kaonekera, kenako kasitepe kena. Akamafika tsidya lina la khomolo amakhala ataona mbali yaikulu ya chipinda asanapondemo, kwangotsala ngodya ziwiri zija. Olakwitsa amayandikira kwambiri khoma, mlomo wa mfuti kapena phazi n'kuonekera mkati maso asanafike, kapena chithunzithunzi chawo n'kugwera pakhomo. Apolisi ambiri, akadziwa kuti wokayikiridwa ali yekha, salowa n'komwe. Amazinga nyumba, kumuitana pa chimkuzamawu, kudikira maola, ndipo akafuna kuona mkati amatumiza galu, kaloboti kapena kadroni. Asilikali a ku America adaphunzira zimenezi mowawa ku Fallujah m'dziko la Iraq mu Novembala 2004, kumene adani ankadzitsekera m'zipinda zamkati ndi pamwamba pa masitepe n'kumadikira olowa. Atataya anthu ambiri m'nyumba zoterezi, adayamba kugwetsa nyumba zina ndi akasinja ndi mabomba m'malo molowamo.

Kukakhala anthu ogwidwa chikole amene ayamba kuphedwa, zinthu zimatembenuka. A SAS aja adadikira masiku 6, akuyeserera ndi kuphunzira mapu a nyumbayo, koma zigawenga zitapha munthu mmodzi n'kutaya mtembo panja, adalowa ndipo zonse zidatha m'mphindi 17. Chimodzimodzi munthu akamawombera anthu pasukulu kapena pamsika. Pa sukulu ya Columbine ku Colorado m'dziko la America, pa 20 Epulo 1999, apolisi oyamba kufika adazinga n'kudikira gulu lapadera la apolisi la SWAT monga ankaphunzitsidwira nthawi imeneyo, ndipo mphunzitsi wina adafa chifukwa chotaya magazi atadikira thandizo maola oposa 3. Kuchokera apo lamulo lidasintha: amene wafika alowe, alunjike kumene kukumveka mfuti. Ku Uvalde m'boma la Texas, pa 24 Meyi 2022, lamulo limeneli silidatsatidwe. Kudasonkhana apolisi 376, koma padapita mphindi 77 asanalowe m'kalasi, ndipo ana 19 ndi aphunzitsi awiri adafa.

Ngakhale pofulumirapo sathamanga ngati pa mpira. Munthu amayenda pa liwiro limene angathe kuona manja a munthu ndi kuwombera molondola, mawondo atapinda pang'ono, chidendene chikuyamba kuponda kuti mfuti isamagwedere. Wasenza makilogalamu 20 kapena kuposa: zotchingira zipolopolo pachifuwa ndi kumsana, chipewa cholimba, magazini, wailesi, madzi. Ngati wavala magalasi oonera usiku a masiku onse, akuona madigiri 40 okha, zam'mbali zonse zili mumdima, moti amayenera kutembenuza mutu wonse kuti aone pamene akuponda. Aja a maso anayi amene mudaona m'filimuyo amafika madigiri 97.

Nyumba ikakula, nthawi imakula nayo. Ku Mumbai mu Novembala 2008, asilikali a NSG, gulu lapadera la ku India, adasesa hotela ya Taj imene zigawenga zidalowamo, ya zipinda zoposa 500, zambiri zokiyidwa ndipo mkati muli alendo amantha okana kutsegula. Zonse zidatenga maola pafupifupi 60.

Kodi n'zoona kuti loko amatseguka ukamuwombera ndi mfuti yaing'ono? Nanga kumenya chitseko ndi phewa?
*Kalipentala wa ku Mchesi, Lilongwe*

Bambo, inu mukudziwa bwino kuposa olemba mafilimu mmene loko amakhalira. Chipolopolo cha pisito chikamenya loko wachitsulo, kawirikawiri chimangomupinda n'kumuumitsa, ndipo zidutswa zake zimabwerera kwa wowomberayo. Phewa nalo limathyoka msanga kuposa chitseko cha mlombwa. Kumenya ndi phazi, chidendene chikugunda pafupi ndi loko, kumatheka pa chitseko chopepuka cha mkati chimene chimatsegukira kutsogolo.

Pagulu pamakhala munthu amene ntchito yake ndi chitseko basi. Choyamba amayang'ana mahinjesi kuti adziwe kumene chimatsegukira. Chotsegukira mkati amachigunda ndi chitsulo cholemera chokhala ndi zogwirira. Chimene apolisi a ku Britain amagwiritsa ntchito chimalemera makilogalamu 16. Chotsegukira kunja sichigundika chifukwa felemu imachigwira, ndiye amachikanula ndi chitsulo cha Halligan, chimene adachipanga mu 1948 mkulu wina wa ozimitsa moto ku New York. Palinso mfuti ya shotigani yokhala ndi zipolopolo za ufa wachitsulo woumbidwa, zimene zimaswa thabwa la pafupi ndi loko n'kumwazika osapitirira kukavulaza munthu mkati. Mabomba othyolera ndi a akatswiri okhaokha, chifukwa mphamvu yake mu korido yopapatiza imabwerera kwa eni ake. Ku London kuja, msilikali wina atakodwa pachingwe akutsika, anzake a pansi sadathenso kuphulitsa bomba lawo poopa kumuvulaza, ndipo adathyola ndi nyundo zikuluzikulu. Amene wathyolayo amapatuka nthawi yomweyo n'kulowa pomalizira, chifukwa manja ake ali ndi chitsulo, alibe mfuti.

Chitseko chikakana kawiri katatu, mwayi wodzidzimutsa adani watha, ndipo gulu limasamukira pa khomo lina limene lidakonzedwa kale. Nyumba zathu za m'tauni, za chitseko chathabwa kumbuyo kwa chachitsulo ndi zitsulo m'mawindo monse, zingachedwetse gulu lililonse. Koma choyambirira pa zonse n'kuyesa chogwirira. Ku Uvalde apolisi adataya nthawi akusaka makiyi, ndipo pambuyo pake mkulu wa zachitetezo m'boma la Texas adauza aphungu kuti chitsekocho sichinkakiyika kuchokera mkati ndipo panalibe umboni woti wina adachiyesa.

Kabomba kaja amaponya kasanalowe gulu, kowala kwambiri, kamakomoladi anthu? Ndipo zimatheka bwanji kuti akatha kuwomberana m'chipinda amalankhulana monong'ona?
*Wophunzira wa ku Zomba*

Kabombako ndi flashbang, ndipo sikakomola munthu. Ka mtundu wa M84, ka asilikali a ku America, kamaphulika pakatha sekondi imodzi kapena awiri, kamatulutsa phokoso la madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) 170 mpaka 180 ndi kuwala kothobwa m'maso. Munthu amasokonezeka kwa masekondi ochepa, pafupifupi 5: sakuona, makutu akulira, akudzandira chifukwa za mkati mwa khutu zagwedezeka. Gulu likachedwa kulowa, masekondiwo apita pachabe ndipo mdani wadziwa khomo limene mukudzera. Amene adatembenuka kapena kutsinzina sakhudzidwa kwambiri, ndipo chala chake chikhoza kukhethemulabe mfuti ngakhale asakuona.

Mafilimu saonetsa kuti kabombaka kamatentha. Ku ofesi ya kazembe ku London makatani adagwira moto, msilikali wokodwa pachingwe uja adapsa miyendo, ndipo nyumbayo idawonongeka kwambiri ndi motowo. Mu Meyi 2014, ku Habersham County m'boma la Georgia, apolisi adakaponya m'chipinda osayang'ana, kadagwera pogona mwana wa miyezi 19 n'kumuvulaza koopsa kumaso ndi pachifuwa. Lamulo lake n'lakuti woponya aone kaye pamene kakagwere.

Funso lanu lachiwiri mwagwira bodza lalikulu. Pisito ya 9mm imalira pafupifupi madesibelo 160, mfuti yaikulu kuposa apo, pamene phokoso la mwadzidzidzi lopitirira 140 likhoza kuwononga makutu nthawi yomweyo. M'chipinda cha makoma a simenti phokosolo limabwerera kuchokera mbali zonse. Wopanda choteteza makutu amatuluka akumva kulira kokhakokha, ndipo anzake amachita kumukuwira. Magulu apadera amavala zotseka makutu zokhala ndi timaikolofoni, zimene zimalowetsa mawu a munthu koma kudula phokoso la mfuti, ndipo n'zolumikizidwa ku wailesi. Sailensa, chitsulo choikidwa pamlomo wa mfuti kuti ichepetse phokoso, nayo imangochotsa madesibelo 20 mpaka 35. Mfuti imalirabe mwamphamvu moti wa chipinda china amamva. Phindu lake n'kuteteza makutu, kuchepetsa moto wa pamlomo wa mfuti usiku, ndi kusokoneza mdani kuti asadziwe msanga kumene kwachokera chipolopolo.

Ekita amagubuduza tebulo kapena kubisala kuseri kwa sofa, zipolopolo osamupeza. Zimatheka?
*Mayi wa ku Chilomoni*

Ayi, mayi. Pali chinthu chimene chimakubisani kuti musaoneke, ndipo pali chimene chimaimitsa chipolopolo. M'nyumba zambiri muli zobisa zokhazokha. Tebulo, sofa, matilesi, chitseko chathabwa, firiji, malata, chitseko cha galimoto, zonsezi chipolopolo cha AK-47 chimaboola n'kupitirira. Nyumba za ku America, kumene mafilimu ambiri amajambulidwa, makoma ake amkati ndi mabolodi opyapyala okhomedwa pa matabwa, ndipo ngakhale chipolopolo cha pisito chimadutsa angapo. Zimene zimathandiza ndi chipilala cha konkire, matumba a mchenga, ndi injini ya galimoto. Khoma la njerwa zowotcha ndi labwinopo, koma likamenyedwa pamalo amodzi kangapo ndi mfuti yaikulu limagumuka, ndipo mabuloko a simenti obowoka mkati amasweka msanga.

Kwa apolisi zimenezi zimatanthauza kuti chipolopolo chilichonse chophonya chikupita kwinakwake, mwina kuchipinda kumene kwagona ana. Asanalowe amafuna kudziwa kuti kuseri kwa khoma lililonse kuli ndani, ndipo magulu awiri salowa m'zipinda zoyang'anizana mosauzana. Kwa inu ndi ine, kukamveka mfuti pafupi, gonani pansi kutali ndi mawindo ndi zitseko, makamaka m'chipinda chamkati.

Mfuti za m'mafilimu sizitha zipolopolo. Zenizeni zimatenga zingati?
*Wowerenga wa ku Chipata, Zambia*

Magazini a AK-47 amatenga 30, ndipo mfutiyo imatulutsa zipolopolo 600 pa mphindi, kutanthauza kuti mukapanikiza chala osachotsa, pa masekondi atatu mwatsala ndi chitsulo chabe. Pisito ya Glock 17 imatenga 17. Msilikali wa ku America amanyamula magazini 7, zipolopolo 210. Odziwa ntchito amawombera chimodzichimodzi kapena ziwiriziwiri, ndipo amasintha magazini pakakhala kampata, asanathe, mnzake akumuteteza. Kumenya chandamale nakonso n'kovuta kuposa mmene timaonera. Kafukufuku wa bungwe la RAND wa mu 2008 adapeza kuti apolisi a ku New York, pakati pa 1998 ndi 2006, pamene wina ankawawomberanso, zipolopolo 18 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkamenya munthuyo.

Chimene chimandikayikitsa ine n'chakuti amalowa, kuwombera zigawenga zonse, koma ogwidwa chikole osakhudzidwa ngakhale mmodzi. Amawasiyanitsa bwanji?
*Namwino wa ku Mangochi*

Funso ili ndiye mtima wa ntchito yonseyi, ndipo mafilimu ambiri amalidumpha poveka adani zovala zakuda zofanana. M'chipinda chenicheni muli utsi, fumbi, kukuwa, anthu akuthamangira kukhomo kumene inu mukulowera. Asilikali amaphunzitsidwa kuyang'ana manja poyamba, nkhope pambuyo, chifukwa chimene chimapha chili m'manja. Amakhala ndi kagawo ka sekondi kuti asiyanitse foni ndi pisito. Mbali yaikulu ya maphunziro awo ndi ya kudziletsa kuwombera: m'nyumba zoyeserera amaikamo zithunzi za anthu, wina wanyamula mfuti, wina kapu, n'kumazisintha ulendo uliwonse.

Ngakhale akatswiri zimawalaka. Ku Entebbe m'dziko la Uganda, usiku wa pa 3 kulowa 4 Julayi 1976, asilikali a Israel adalowa m'nyumba yakale ya pabwalo la ndege akufuula pa chimkuzamawu kuti aliyense agone pansi. Adapulumutsa anthu oposa 100, koma atatu mwa ogwidwawo adafa pa kuwomberanako, ndipo mmodzi adawomberedwa chifukwa adaimirira. Ku Sydney m'dziko la Australia mu Disembala 2014, apolisi atalowa mu lesitilanti ya Lindt, mayi wina wogwidwa adafa ndi zidutswa za zipolopolo za apolisi zimene zidanjanja pa zinthu zolimba za m'chipindamo.

Palinso kuwomberana okhaokha. Pa sitolo zikuluzikulu za Westgate ku Nairobi, mu Sepitembala 2013, zigawenga zidali 4 zokha koma anthu 67 adafa ndipo nkhaniyo idatenga masiku anayi. Apolisi a gulu la Recce adali atalowa kale pamene asilikali a nkhondo adafika, magulu awiriwo popanda mtsogoleri mmodzi, ndipo wapolisi wa Recce adawomberedwa ndi asilikali a dziko lake lomwe. Ife tikuona kuti pamenepa m'pamene pali phunziro lalikulu kuposa la kagwiridwe ka mfuti: ndani akulamula, ndani ali pa nsanjika iti, ndipo mnzako umamuzindikira bwanji mumdima.

Chifukwa cha zonsezi opulumutsidwa sakumbatiridwa monga m'filimu. Amagonekedwa pansi, kumangidwa manja, kusechedwa, mpaka aliyense adziwike. Ku London chigawenga china chidadzisakaniza ndi ogwidwa potsika masitepe chili ndi bomba m'manja, ndipo china chidatuluka nawo mpaka pa kapinga wa kuseri, komwe ogwidwawo adachiloza.

Munthu akawomberedwa amaulukadi chagada? Nanga ekita akamenyedwa paphewa n'kumapitiriza nkhondo?
*Wowerenga wa ku Johannesburg*

Kuuluka kuja ndi chingwe chimene amamangirira wosewerayo kumsana n'kumukoka. Chipolopolo cha 9mm chimalemera magalamu 8 ndipo chimathamanga mamita pafupifupi 360 pa sekondi. Mphamvu yokankha imene chili nayo ingasunthe munthu wa makilogalamu 80 ndi masentimita osakwana 4 pa sekondi. Chikadakhala chogwetsa munthu chagada, wowomberayo akadagwanso. Munthu amangokhuthukira pamene waima, kapena sagwa n'komwe. Ku Miami, pa 11 Epulo 1986, apolisi 8 a FBI adawomberana ndi akuba awiri. Mmodzi mwa akubawo adalandira bala loti sakadachira koyambirira kwenikweni, koma adapitiriza kumenya nkhondo, kupha apolisi awiri, ndipo pomwe ankafa n'kuti atawomberedwa ka 12.

Phewa si malo abwino olandirira chipolopolo. Pamadutsa mtsempha waukulu wa magazi wopita ku dzanja, mtolo wa minyewa yoyendetsa dzanjalo, ndi mfundo ya mafupa. Wovulala pamenepo kawirikawiri dzanja limalobodoka, ndipo mtsempha ukaduka amatha kufa m'mphindi zochepa. Pantchafu ndi chimodzimodzi. Msilikali aliyense amanyamula lamba womanga pamwamba pa bala la mkono kapena mwendo kuti magazi asiye. Ndipo mnzawo akagwa pakhomo, otsatira amamudumpha n'kumaliza kaye chipindacho, chifukwa wowerama kuti amuthandize pamenepo amagwera pomwepo.

Ndife achinyamata amene tikujambula filimu yathu yoyamba, ndipo muli gawo loti apolisi alowe m'nyumba ya mbava. Ndalama tilibe zambiri. Tichite chiyani kuti zioneke zenizeni?
*Gulu la zisudzo la ku Kawale, Lilongwe*

Poyamba chitetezo. Musabweretse mfuti yeniyeni pamalo ojambulira, ngakhale mwini wake atalumbira kuti mulibe kanthu. Ekita Brandon Lee adafa ndi mfuti mu 1993 pojambula filimu ya The Crow, ndipo pa 21 Okutobala 2021 wojambula Halyna Hutchins adafa ku New Mexico pa filimu ya Rust, chipolopolo chenicheni chitapezeka m'mfuti imene onse ankati ndi yotetezeka. Kumeneko kudali anthu olembedwa ntchito yoyang'anira mfuti. Zipolopolo zongolira zopanda mutu nazo zimapha zikaombedwa pafupi, monga zidachitikira ekita Jon-Erik Hexum mu 1984. Gwiritsani ntchito mfuti zathabwa, zalabala kapena zapulasitiki zopakidwa utoto wakuda wosanyezimira, ndipo muikemo kachitsulo kuti zilemere, chifukwa mfuti yopepuka imaonekera pa kanyamulidwe. Kadziwitseni apolisi a m'dera lanu ndi kalata, pemphani chilolezo pa nkhani ya yunifolomu, auzeni amfumu ndi oyandikana nawo tsiku ndi ola. Anyamata onyamula zooneka ngati mfuti usiku pakati pa nyumba za anthu akhoza kuyesedwa mbava, ndipo khamu likadzuka silifunsa.

Kenako sankhani nyumba yaing'ono, ya zipinda zitatu ndi korido imodzi. Jambulani mapu ake pansi ndi choko kapena laimu pabwalo, osewera anayi ayeserere kuyenda mopanda liwiro mpaka aliyense adziwe ngodya yake, kenako muziwonjezera liwiro pang'onopang'ono. Yang'anirani zinthu zimene odziwa amaziona msanga. Chala chikhale chowongoka pambali pa mfuti mpaka nthawi yowombera. Mlomo wa mfuti usaloze msana kapena miyendo ya mnzake. Wina akamadutsa kutsogolo, mfuti itsike. Thako la mfuti likhale paphewa, tsaya litagunda, osati m'chiuno. Pasapezeke woima pakhomo. Mmodzi aziyang'ana kumbuyo nthawi zonse. Mawu akhale ochepa ndi aafupi, ndipo polankhula ndi a m'nyumbamo alamule mmodzi yekha, chifukwa atatu akamakuwa zosiyana, wina kuti gona wina kuti imika manja, munthu amasokonezeka.

Ikani m'nyumbamo anthu osalakwa: gogo, mwana, mayi amene wanyamula foni. Owonera amagwira mtima kwambiri poona wapolisi akudziletsa kuwombera kuposa poona mitembo khumi. Chitseko chikane ulendo woyamba. Wina apume mwawefuwefu, wina dzanja linjenjemere posintha magazini.

Moto wa pamlomo wa mfuti muuike pa kompyuta pokonza filimu, pa felemu imodzi kapena awiri basi mwa 24 kapena 25 a pa sekondi, ndipo muwalitsenso khoma ndi nkhope pa felemu yomweyo, apo ayi umaoneka womata. Masana motowo suoneka kwenikweni, choncho musauchulutse. Wosewera agwedeze phewa pang'ono pa kuwombera kulikonse, wina kumbali aponye tizitsulo pansi kuti timveke ngati makoko a zipolopolo, ndipo fumbi la pakhoma mungalipange ndi ufa wopemerera pa kapaipi. Ndalama zochepa zimene muli nazo muziike pa mawu. Mfuti yoyamba ikalira m'chipinda, tsitsani mawu ena onse kwa masekondi angapo, musiye kulira kwa m'makutu ndi mawu a anthu omveka ngati ali kutali, ndipo nyimbo muyambe kuibweza gulu litatuluka panja.